Mawu Anga Anatsalira pa Lole ya Maliro

Ba Chisenga anandilanda mawu. Sindinabadwe ndi chinthu ichi chimene mumachiseka, chomveka ngati munthu akukoka thumba la makala pa simenti. Ndinali ndi mawu, ndipo munthu anawatenga masana dzuwa likuswa mtengo, khamu la anthu likuona, wina n'kundipatsa kampango kopukutira misozi.

Ndikulemba m'kope chifukwa ndikalankhula nthawi yaitali pakhosi pamaotcha, komanso chifukwa inu ana simumva munthu akamalankhula. Mumamva foni basi. Iwe Mapalo, usaganize kuti sindidziwa kuti umanditsanzira kuseri kwa nyumba anzako n'kumafa ndi phwete. Umatha ndithu, ndinakumva. Koma kope ili ndalembera makamaka iwe Natasha, amene kuyambira Lachiwiri ukulankhula ngati bakha, n'kumaumirira kuti Lamlungu ukatsogolerabe nyimbo kutchalitchi chifukwa abusa ati kukubwera alendo ochokera ku Kitwe. Khala pansi uwerenge. Usawerenge mokweza.

Sukulu ndinasiya ndili Fomu 2. Musandifunse ngati ndinali wanzeru, palibe amene anakhala ndi nthawi yofufuza. Fakitale imene atate ankagwirako ntchito inachepetsa anthu, atate n'kunena kuti akupita kwathu ku Chipata kukaona za munda. Mundawo ayenera kuti unali waukulu, chifukwa sanamalize kuuona. Tinatsala ine ndi amayi m'zipinda ziwiri muno mu komboni ya George, zaka zimene ufa unkagulidwa ndi makuponi. Inu magetsi akazima maola awiri mumayenda m'nyumba ngati mwaferedwa. Ife tinkaona mzere wa anthu n'kuimapo kaye, kufunsa pambuyo kuti kutsogoloko akugulitsa chiyani. Amayi ankakazinga vitumbuwa, koma mafuta ophikira ankasowa milungu yathunthu, ndipo chiwaya chinkakhala chopachika pakhoma ngati chithunzi cha malemu.

Ine ndinapita pa siteji ya mabasi ku Matero kukaitanira anthu. Ntchito yake inali kukuwa kuyambira m'mawa: "Tauni! Tauni! Umodzi chabe tiyende!" pamene m'basimo muli anthu atatu, awiri mwa iwo anzanga ongokhalamo kuti ioneke yodzaza. Ndi pamenepo Ba Chisenga anandimvera.

Anali telala wa mumsika, wochokera cha ku Kasama, wamfupi, wovala tayi ngakhale mwezi wa Okutobala. Anandikodola ndi chala.

"Iwe mufana, bwela kuno. Mau ayo ni yako olo unabweleka?"

"Ni yanga, ba tate."

"Manje uyataila chani pa mabasi? Uziba kuimba?"

"Nenze kuimba ku sukulu."

"Mailo ubwele ku shopu kwanga. Usambe."

Tsiku lotsatira ndinapita, nditasamba. Ba Chisenga anali ndi kwaya ya maliro. Inu simungaimvetse, chifukwa lero pamaliro mumabwereka masipika ndi kamnyamata kosindikiza mabatani. Kale munthu wa mpingo akamwalira ankamuyimbira a mpingo wake. Koma mu komboni munali anthu ambiri amene mpingo unawaiwala, kapena iwo anauiwala: zidakwa, amitala, obwera okha kuchokera kutali. Achibale sankafuna manyazi oika munthu mwakachetechete ngati galu. Ndiye ankaitana Ba Chisenga. Iwo ankalandira kangachepe m'thumba la jekete, ife oyimba tinkalandira mbale. Musaseke. Masiku amenewo nyumba ya maliro ndiyo inali nyumba yokhayo mu George imene munthu ankamwako tiyi wa shuga. Tinkamva kuti uje wadwala kwambiri, n'kumamufunsira moyo ndi chidwi chimene sindinyadira.

Ntchito yeniyeni inali pa lole. Bokosi pakati, amayi atakhala pansi molizungulira, oyimba m'mbali, woyambitsa nyimbo ataimirira kutsogolo atagwira chitsulo cha kuseri kwa dalaivala. Ameneyo ndinali ine. Kuchokera panyumba mpaka kumanda a ku Chingwere nyimbo sinkayenera kuduka, ikaduka achibale ankati kwaya ndi yaulesi. Unkalimbana ndi injini ya dizilo, mphepo ikukulowa m'kamwa, fumbi likukukuta m'mano. Maikolofoni tinkangoiona pamisonkhano ya chipani. Koma ndikayambitsa nyimbo lole isanakhote pa msika, amayi ogulitsa tomato ankakhala ataimirira kale, abambo zipewa zili m'manja. Mawu anga anali okwera, oyera, opanda mchenga. Agogo anu aakazi, Esinati, amene nthawi imeneyo anali kamtsikana koyimba mawu achiwiri kumbuyo kwanga, angakuuzeni. Afunseni tsiku limene sindinawakwiyitse.

Chaka chachiwiri ndili m'kwayamo, nyengo yozizira ikutha, mphepo ya Ogasiti itayamba kunyamula mapepala, ndinadwala chimfine. Mlungu womwewo tinali ndi maliro atatu, ndipo m'mawa uliwonse ndinali pa siteji kukuwa Tauni. Pofika Loweruka mawu anasasa. Ndikati ndikweze, ankathyoka pakati ngati bango.

Apa m'pamene madokotala a mu komboni anatulukira. Mu George aliyense ndi dokotala, kupatula kuti odwala ake amafa. Mayi wa nyumba yoyandikana anati ndimeze dzira laliwisi. Dzira, m'zaka zimenezo! Amayi analipeza posinthanitsa ndi sopo, ndinalimeza, mawu sanabwere, dzira linapita. Wina anati ndimu ndi jinja. Wina anati ndatsekedwa ndi mnzanga wa m'kwaya wanjiru, ndipite ku Chawama kwa munthu wodziwa. Ba Chisenga anali ndi mankhwala awoawo: madzi ofunda, mchere, tsabola wopera ndi kadontho ka kachasu, kuchukucha pakhosi mpaka misozi. Analinso ndi chiphunzitso chawo.

"Mau yali monga paipi ya manzi," ankatero. "Ikatsekeka suisiya. Uikamo mphamvu, doti ichoke. Imba maningi, yazatseguka."

Munthu wosoka mabuluku ankandiphunzitsa za paipi, kuti ndiziyimba kwambiri, ine n'kumavomera.

Tsopano mverani chimene chinandipha. Lolemba tinakaika bambo wina wogulitsa makala, munthu amene ankamenya mkazi wake mpaka ana a m'njira ankadziwa ndandanda yake. Pamaliro pake panalibe wolira. Mkaziyo anakhala pafupi ndi bokosi maso ali gwa, ouma ngati msewu. Tili kumanda, bokosi likutsika, ndinayambitsa nyimbo yotsanzika ija imene imakwera kumapeto. Nditafika pokwerapo mawu anang'ambika, n'kutuluka kaphokoso konjenjemera ngati ka mwana amene walira tsiku lonse. Ndinachita manyazi. Koma azimayi kumbuyo anayamba kusisima, wina anakuwa, ndipo mkazi wamasiye uja anadzigwetsa pansi n'kulira mpaka anamunyamula anthu atatu. Pobwerera ndinamva mayi wina akufunsa mnzake: "Uja mwana oimba ni wa malemu? Analila zoona, mwe."

Sindinalire. Pakhosi pankawawa basi. Koma nditayang'ana Ba Chisenga ndinaona akundiyang'ana mmene munthu amayang'anira nkhuku imene yayamba kuikira.

Kuyambira tsiku limenelo anthu sankaitananso kwaya ya Ba Chisenga. Ankati, "Tifuna uja mufana olila." Mbiri inafika ku Lilanda, ku Chaisa, mpaka ku Kanyama. Ba Chisenga anali ndi kachitsulo ka mano awiri kamene ankamenya pabondo n'kuika kukhutu kuti atipatse poyambira nyimbo. Ndinazindikira kuti ayamba kutipatsa poyambira pokwera kuposa kale. Ankafuna kuti ndikafika pamwamba paja mawu athyoke ndithu, pamalo pake, bokosi likutsika. Kudwala kwanga kunasanduka katundu wa pa shelefu.

Amayi ndiwo anandikokera ku kiliniki, atandiona ndikulephera kuyankha moni. Tinakhala pabenchi theka la tsiku. Dokotala wake anali bambo wotopa, wa kolala yothetheka, m'kabati mwake munali mabotolo opanda kanthu oikidwa bwinobwino pamzere. Anandiunika ndi tochi, n'kundiuza kuti ndinene "aaa". Chimene chinatuluka chinamuseketsa, kenaka anasiya kuseka.

"Umagwira ntchito yanji?"

Amayi anandiyankhira. Iye anagwedeza mutu.

"M'mawa kukuwa, masana kuyimba pa lole. Mnyamata, m'kholingo muno muli timinofu tiwiri tating'ono, tochepa kuposa chikhadabo chako. Ukamalankhula timagundana. Tako tatupa. Phazi likatupa umalikakamiza mu nsapato n'kuthamanga nalo?"

Ndinapukusa mutu.

"Mankhwala ndilibe, waona wekha kabatiyo. Koma amene ukufunika iwe ndi aulere. Tseka pakamwa masiku khumi ndi anayi. Osayimba, osakuwa. Osanong'ona, kunong'ona kumatopetsa timinofuto kuposa kulankhula pang'ono mofatsa. Imwa madzi ambiri. Funda nsalu pa beseni la madzi otentha upume nthunzi. Khala kutali ndi utsi wa mbaula. Usamakhosomole mokakamiza ngati ukuchotsa chinthu pakhosi, palibe chochotsa. Ndipo tsabola uyo umusiyire ndiwo. Ukatha masikuwo ubwere ndikumvenso."

Analemba pa kapepala, n'kudinda chidindo. Masiku khumi ndi anayi. Ndinakapinda bwino ngati satifiketi imene sindinaipeze kusukulu.

Ndinapumula masiku awiri. Ndinkalankhula ndi amayi polemba kumbuyo kwa kope langa lakale la Fomu 2, iwo osadziwa kuwerenga, ndiye tinkangolozerana ngati anthu a mitundu iwiri. Pa siteji malo anga anatenga wina tsiku loyamba lomwelo. M'chitini cha ufa munkamveka pansi. Komabe m'mawa wa tsiku lachitatu ndinamva kuti pakhosi papepuka, ngati munthu wamasula lamba.

M'mawa womwewo Ba Chisenga anafika, tayi ili pakhosi, nsapato zopukutidwa.

"Odi kuno! Ali kuti oimba wanga?"

Kunali maliro aakulu ku Matero. Mwini butchala, munthu wa akazi awiri ndi malole ake. Mpingo unakana kumuyimbira chifukwa cha akazi awiriwo, ndipo akazi onse awiri, amene sanagwirizanepo kanthu chibadwire, anagwirizana kuti akufuna mufana olila. Ng'ombe inali itaphedwa kale.

Ndinatulutsa kapepala kanga n'kuwapatsa. Anawerenga atakatalikitsa, milomo ikuyenda. Kenaka anakapinda n'kukaika m'thumba la malaya awo, kuseri kwa cholembera.

"Ba dokota bakamba zoona," anatero. "Upumule. Nani angakane? Manje masiku aya nakusungila ine, yali apa pa mutima. Imba chabe lelo. Mailo uyambe, yonse nizakupasa, na ine nizakuletela uchi."

Ndinalemba m'kope kuti, "Akuti ndikayimba ndiwononga." Anaseka.

"Aba ma dokota baziba chani pa nyimbo? Anaimbapo pa lole uja? Amai, kambani naye mwana. Kuli nyama kuja. Banthu bazanyamula na yopeleka ku nyumba."

Amayi anayang'ana chitini cha ufa, n'kuyang'ana pansi. Sindiwaimba mlandu, Mulungu awasunge kumene ali. Ndipo kuti ndisakunamizeni, palibe amene anandimanga chingwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, nyama ndinali nditaiwala fungo lake, ndipo Esinati akanakhala pa lolepo atavala chitenje chake chobiriwira. Ndinavala malaya oyera ndekha. Uchitsiru unali wanga. Koma wamkulu amene anawerenga chidindo cha dokotala n'kuchiika m'thumba anali iwo.

Tsiku limenelo mphepo inali yoopsa. Malole anali anayi, wathu patsogolo, ndipo Ba Chisenga anati ndikweze kuti a lole yomaliza azimva. Ndinayimba kuchokera ku Matero mpaka pachipata cha manda, mawu akutuluka ngati ndikuwakoka ndi chingwe m'chitsime. Esinati anandikoka malaya kumbuyo.

"Yotamu, leka. Nizayambisa ine."

Ndinamuchotsa dzanja. Mwamuna amaleka bwanji mtsikana akuona?

Pamanda anthu anali ngati pa bwalo la mpira. Bokosi litagwidwa ndi zingwe, Ba Chisenga anamenya kachitsulo kawo pabondo, n'kundipatsa poyambira pamwamba kuposa masiku onse. Ndinayamba. Ndime yoyamba inadutsa. Pa yachiwiri, pokwera paja, ndinakoka mpweya wonse n'kukankha monga mwa chiphunzitso cha paipi. Ndinamva kanthu kakuti thu kumanzere kwa kholingo, ngati ulusi waduka pa makina osokera, kenaka kutentha. Kamwa linali yasa, mpweya ukutuluka, mawu palibe.

Ndinaima choncho pamaso pa anthu onsewo, kamwa lotsegula, maso otuzuka ndi mantha. Mukudziwa chimene anachita? Analira. Manda onse analira. Akazi awiri a malemu anakumbatirana. Anthu ankati mwana wagwidwa ndi chisoni mpaka nyimbo yamukanika. Bambo wina wa suti anandipatsa kampango koyera n'kundisisita paphewa. Esinati anainyamula nyimbo ija n'kuimaliza, ndipo ndi iye yekha pa khamu lonselo amene ankandiyang'ana ndi nkhope ya munthu wodziwa kuti pali maliro awiri. Ba Chisenga anandigwedezera mutu mokhutira, ngati telala amene jekete lakhala bwino.

Nyama ndinadya, sindikana. Zidutswa zitatu, chimodzi chinali fupa. Amayi ndinawatengera m'pepala. Ndiwo mtengo wa mawu anga umenewo, ngati mumafuna kuudziwa.

M'mawa mwake, tsiku limene ndinayenera kuyamba kupumula, Ba Chisenga anabweranso. Uchi sanabweretse. Kunali maliro ena ku Kanyama.

"Sufunika na kuimba maningi," anatero. "Uimilile chabe pasogolo, uyese, banthu bakuone. Masiku yako yalipo, siyathaba."

Ndinapita. Ndinapitanso kawiri, katatu, kambirimbiri. Patapita milungu kamawu kena kanabwerera, kokhakhala, ndipo nako ndinkakakankha mpaka kuzima. Ku kiliniki sindinabwerere, ndinkachita manyazi kukaonana ndi bambo uja ndilibe ngakhale kapepala kake. Mvula itayamba anthu anatopa nane. Mufana olila anali atasanduka mufana okhosomola, ndipo palibe wamasiye amene amalipira kuti amve chifuwa. Ba Chisenga anapeza woyambitsa wina. Anandiuza pa khomo la shopu yawo, singano ili pakamwa: "Manje ungapumule mmene ufunila."

Pa siteji sakanandilandira, woitanira basi wopanda mawu ali ngati tambala wa m'poto. Ndinaphunzira kusoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi msika, ntchito imene munthu amangoloza chidendene n'kutchula mtengo ndi zala. Ndi nsapato zimenezo ndinalera amayi anu ndi amalume anu. Esinati anandilola patapita zaka zitatu. Amati anasankha mwamuna amene sadzamukalipira, ndipo pamenepo sananame, ngakhale ndayesetsa.

Amayi ako, iwe Natasha, ali ndi zaka zisanu, ndinapita ku chipatala chachikulu m'tauni. Dokotala wa makutu ndi pakhosi anandigwira lilime ndi kansalu n'kulowetsa kagalasi kakang'ono ka pa ndodo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anati pali zipsera, kamtsempha kanaphulika kalekale ndipo ndinapitiriza kugunditsa bala lisanapole. Ndinamufunsa ngati zikanatheka kuchira. Anati, "Mukanapumula nthawi imene ija, mwina bwenzi mukuyimba mpaka lero." Ndinamuthokoza. Munthu umathokoza ngakhale akuuze kuti nyumba yako inapsa chifukwa cha kandulo imodzi.

Ba Chisenga ndinakawaona atakalamba, akudwala, maso atachita khungu. Ndinkaganiza kuti mwina anena kanthu. Nditapereka moni anatchera khutu.

"Ndiwe Yotamu? Iwe mwana unali na mau, mwe! Unayachita chani? Ni moba, ai? Nenze kukuuza."

Mowa sindinaulawepo chibadwire, kupatula kadontho kawo kaja ka mu tsabola. Ndinakhala pang'ono, n'kuwasiyira mabanzi amene ndinawatengera. Atamwalira, pamaliro pawo panalira wailesi ya kaseti, mabatire n'kutha tisanafike ku Chingwere. Nyimbo inayamba kukoka pang'onopang'ono, mawu akukhuthala, mpaka anafanana ndi anga. Ndinaona kuti zakwanira.

Tsopano iwe Natasha. Dzulo ndinakumva ukuuza amayi ako, monong'ona, chimene ndanena kale kuti n'choipa, kuti abusa ati kusasa kwako ndi mdani akulimbana ndi utumiki, ndipo ukangogwira maikolofoni n'kukweza ndi chikhulupiriro mawu atseguka. Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Ndi paipi ya Ba Chisenga imene ija, angoiveka suti yonyezimira. Ndipo akuuza kuti ukapumula alendo akapita. Alendo sapita, mwana wanga. Akapita a ku Kitwe kubwera a ku Ndola, kenaka msonkhano wa amayi, kenaka Khirisimasi. Inu muli ndi masipika aakulu ngati mafiriji, koma mumakuwabe maola atatu ngati mukuitanira basi. Mulungu amene mumamuyimbirayo si wogontha. Amene anaumba timinofu tiwirito amadziwa kuti timatupa.

Mawa m'mawa tikupita ku kiliniki, iwe ndi ine. Chimene akanene kumeneko ndicho tichite, ndipo kapepala kake ndisunga ine, m'thumba langa, osati la abusa. Lero imwa madzi, beseni lili kuseri kwa chitseko, ukafuna kanthu lemba pa foni yakoyo, iyambe yagwirako ntchito. Mapalo, ukamuputa mlongo wako kuti akukalipire, ndikusoka milomo ndi ulusi wa nsapato.

Lamlungu ndipita nawe kutchalitchi. Ndikakhala kutsogolo, mpando woyamba, nditavala jekete. Ukangotambasula dzanja kuti ugwire maikolofoni, ine ndiimirira n'kuyamba kuyimba, pamaso pa abusa ndi alendo a ku Kitwe, ndime zonse zinayi, ndi mawu awa amene mumawaseka. Ukudziwa kuti ndilibe manyazi, anatha pa lole. Usankhe wekha.

Za ine palibe chokonza. Dokotala analemba masiku khumi ndi anayi, ndinapumula awiri, otsalawo munthu anawaika m'thumba la malaya n'kupita nawo ku Chingwere. Akundisungirabe. Masiku khumi ndi awiri.